Momwe kalabu ingaphunzitsire banja lonse ulimi wopirira ku nyengo, ntchito isagwere mayi yekha

Mvula ya masiku ano siyopangana nayo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo chaka chotsatira ng'amba inawotcha chimanga mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. N'chifukwa chake alangizi akulimbikira za mtayakhasu (kulima osagalauza, nthaka itaphimbidwa ndi mapesi), mayenje (kubzala m'maenje osunga madzi), manyowa, mbewu zocha msanga ndi mitengo ya m'munda. Zonsezi n'zothandiza. Koma njira yatsopano ikalowa pakhomo imasintha kagawidwe ka ntchito, ndipo kawirikawiri chowonjezeracho chimagwera mayi, pamene ndalama za zokolola zikupitabe m'thumba la bambo. Kafukufuku amene UN Women, World Bank ndi anzawo anatulutsa mu 2015 anapeza kuti minda yoyendetsedwa ndi amayi m'Malawi imakolola zochepera ndi 28 peresenti poyerekeza ndi ya abambo, makamaka chifukwa chosowa owathandiza ntchito, zipangizo ndi mwayi wolima mbewu zogulitsa.

Ngati ndinu wapampando wa kalabu, mlimi wachitsanzo kapena mlangizi, nawa masitepe oti mutsate.

1. Itanani banja, osati dzina la m'kaundula

Uthenga ukapita kwa amfumu wongoti "alimi abwere", pamabwera mmodzi pa nyumba. Ngati zamveka kuti kuli alawansi kapena feteleza, amabwera bambo. Ngati kulibe kanthu, amatumizidwa mayi. Onse awiri akabwerera kunyumba ndi mfundo yomwe mnzawo sanaimve, imathera pakhonde. Choncho nenani momveka kuti mukufuna bambo ndi mayi limodzi. Alangizi a boma amaidziwa kale njira yophunzitsa banja lonse, ndiye simukuyambitsa zachilendo.

Amayi amasiye ndi olera okha ana abwere ndi mwana wamkulu kapena m'bale amene amalima naye. Pa mitala itanani mkazi aliyense payekha, pakuti aliyense ali ndi munda ndi nkhokwe yake. Musaiwale agogo ndi apongozi. Bungwe la Soils, Food and Healthy Communities, lomwe linayamba ku Ekwendeni mu 2000, linaona kuti kulima nandolo ndi mtedza kokha sikukwanira kusintha kadyedwe ka ana, mpaka linayamba kusonkhanitsa abambo, amayi ndi agogo kuti azikambirana ndi kuphikira limodzi.

2. Sankhani nthawi imene mayi angakhale pansi

Masana nsima itadyedwa, maola awiri basi, pamalo oyenda pansi. Pewani tsiku la msika, la sikelo ndi la banki m'khonde. Pezani wina woyang'anira ana pamthunzi chapafupi. Ndipo siyani kudalira mapepala olembedwa: amene sanapite patali ndi sukulu amangokhala chete kumbuyo, osati chifukwa alibe nzeru.

3. Werengani ntchito ndi miyala

Apa ndiye pagona nkhani, musapathamangire. Gawani anthu pawiri, abambo paokha amayi paokha. Gulu lililonse lijambule pansi ntchito za tsiku lonse kuyambira tambala woyamba mpaka kukagona, kenako za chaka chonse: kusosa, kugalauza, kubzala, kuthira feteleza, kupalira, kubandira, kukolola, kutong'ola, kupeta, kukagulitsa. Awonjezere madzi, nkhuni, chigayo, kuphika, kudwazika matenda ndi ganyu. Pa ntchito iliyonse aike miyala 10, aigawe malinga ndi amene amaigwira kwenikweni.

Kenako magulu awiriwa aonetsane. Mudzamva bambo akuti, "Komatu madziwo si ntchito, amangopita kukacheza pamjigo." Musamuyankhe ndinu. Funsani amayi kuti ndowa zingati patsiku, mtunda wautali bwanji mu Okutobala zitsime zikaphwa. Miyalayo imalankhula bwino kuposa mlangizi. Ena amagwiritsa ntchito chithunzi cha mtengo chochokera mu GALS, njira yophunzitsira mabanja kugawana ntchito ndi chuma: ku mizu amajambula ntchito za bambo mbali ina, za mayi mbali ina, ndipo ku nthambi amajambula kumene ndalama zimapita. Mtengo ukapendekeka, aliyense amaona yekha.

Tsopano bweretsani njira yatsopanoyo pa miyala yomweyo. Titenge mtayakhasu. Kugalauza mizere kwachoka, ndipo abambo ambiri amasangalala pomwepo. Koma ndani atute mapesi ophimbira? Ndani awalondere kuti osaka mbewa asawatenthe, kapena mbuzi zisawadye? Zaka zoyambirira udzu umavuta ngati mapesi ndi ochepa ndipo palibe mankhwala, ndiye wozula ndi manja ndani? Nanga mapesi amene mayi ankasonkhezera moto akatsala m'munda, nkhuni zichokera kuti? Mayenje nawonso amakumbidwa m'chilimwe nthaka ili gwa, nthawi yomwe mayi akuyenda mtunda wautali kusaka madzi.

Banja lililonse lisachoke lisanasunthe miyala ingapo. Bambo anene pagulu chimene atenge: kututa mapesi pa njinga, kukumba mayenje, kupita kuchigayo, kutunga madzi ndi zigubu. Zing'onozing'ono zotheka zimaposa malonjezo akuluakulu. Kalabu ingathandizenso mabanja kupeza mbaula ya Chitetezo kuti nkhuni zizilowa zochepa.

4. Funsani kuti munda ndi wa yani musanagawe mbande

Msangu ndi mtengo wabwino kwambiri m'munda wa chimanga, chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja, osatchinga dzuwa. Koma umatenga zaka kuti phindu lake lioneke, ndipo munthu sabzala mtengo pamalo pamene sakudziwa ngati adzakhalapo. Pa chikamwini, bambo amazengereza poganiza kuti banja likatha adzachoka ndi chikwama chokha. Pa chitengwa kapena kumene kuli malowolo, mayi ndi amene amaopa kuti mwamuna akamwalira achibale adzamulanda munda. Ngakhale kumene munda ndi wa mayi, mawu omaliza nthawi zina amakhala a atsibweni.

Itanani amfumu ndi eni mbumba ku gawo limeneli, ndipo mugwirizane poyera za amene adzadule, kugulitsa kapena kulowa m'malo pa mitengoyo. Akumbutseninso kuti lamulo la malo a makolo la 2016 limati mu komiti ya malo ya m'mudzi, mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera 3 akhale amayi. Kwa amene akufuna zobwera msanga, gilisidiya ndi nandolo zimayamba kuthandiza nthaka komanso kupereka nkhuni pasanapite nthawi yaitali.

5. Munda wachitsanzo ukhale wa mayi, ndipo chingwe agwire yekha

Minda yachitsanzo imakonda kuikidwa kwa bambo wopeza bwino wa m'mbali mwa msewu, kumene alendo a galimoto angaone mosavuta. Mayi wolima theka la ekala pamtunda wa miyala akaona chimanga chimenecho amangoti, "Awo ali ndi ng'ombe." Ikani munda umodzi kwa mayi wamba, mbali ina njira yakale, mbali ina yatsopano.

Pophunzitsa, musalole kuti abambo ndiwo aziyeza amayi akuonerera. Mayi agwire chingwe, ayeze masentimita 75 pakati pa mizere ndi 25 pakati pa mapando, aponye njere imodzi paphando monga mwa kabzalidwe kotchedwa Sasakawa. Apange yekha manyowa a Mbeya posakaniza ndowe, phulusa, gaga ndi feteleza pang'ono, amange thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, awerenge masiku 21. Aphunzire kuzindikira ntchemberezandonda m'nsonga ya chimanga isanawononge. Kagwiritsidwe ntchito ka sipuleya adziwenso onse, koma mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asapopere mankhwala.

Posankha mbewu, funsani amayi paokha kaye. Bambo amayamba ndi mtengo wa pamsika. Mayi amafunsa ngati chimangacho chimakonoleka bwino, ngati anankafumbwe sachilowa msanga, ngati nyembazo zimapsa ndi nkhuni zochepa, ngati masamba ake ndi ndiwo. Mafunso amenewa ndi amene amabweretsa khobwe, mapira ndi mbatata yofiira mkati monga Kadyaubwerere, zomwe zimapulumutsa banja chimanga chikapserera.

6. Uthenga wa nyengo ufike kumene kuli amayi

Nthambi yoona za nyengo imalengeza mmene mvula ikuyembekezeka kugwera dzinja lisanayambe, koma wailesi ndi foni nthawi zambiri zimakhala ndi bambo pa sitolo. Sankhani amayi awiri oti azitenga uthengawo kwa mlangizi n'kukaunena ku banki m'khonde ndi ku tchalitchi kapena ku mzikiti.

7. Kambiranani za ndalama mbewu zikadali m'munda

Nandolo amatchedwa mbewu ya amayi mpaka tsiku limene mavenda akweza mtengo. Tsiku limenelo matumba amakwera njinga ya bambo. Mtedza ndi soya n'chimodzimodzi. Mayi amene zamuchitikira kamodzi sadzalimbikiranso chaka chamawa, ndipo alangizi adzalemba kuti amayi sakonda njira zatsopano.

Chakumapeto kwa dzinja, banja lililonse lijambule matumba amene likuyembekeza, ndi kuwagawa: akudya, a mbewu, ogulitsa. Pa ogulitsawo agwirizane zogula, kaya fizi, malata, mbuzi kapena feteleza. Bambo akhalenso ndi yake ya m'thumba yodziwika, mayi chimodzimodzi. Mukaiwala zimenezi mgwirizano sukhalitsa. Kalabu ikagulitsa pamodzi, onse awiri akhalepo poyeza pa sikelo, ndipo mbewu ya mayi ilipiridwe pa nambala yake ya Mpamba kapena Airtel Money. Ku banki m'khonde funsaninso kuti ngongole imene mayi akutenga ikagwira ntchito m'manja mwa yani, pakuti alipo ambiri amene amabweza ndalama zimene sanazigwiritse.

Nkhani ya ndalama imatha kuyambitsa ndewu kunyumba. Musamunyoze bambo pagulu, ndipo musakakamize mayi kuulula za m'nyumba pamaso pa mwamuna wake. Gwiritsani ntchito abambo amene asintha kale kuti alankhule ndi anzawo. Mukamva za nkhanza, imeneyo si ya kalabu kuweruza: lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 lilipo, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa.

8. Onani maudindo, kenako bwererani ku miyala

M'makalabu ambiri mayi ndi msungichuma, bambo ndi wapampando amene amasainira ndi kupita ku maphunziro ku boma. Lamulo la 2013 loona kuti pasamakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba ntchito m'boma, mbali imodzi isachepere 40 pa 100 kapena kupitirira 60 pa 100. Kalabu ingabwereke muyeso womwewo pa komiti, pa alimi achitsanzo ndi pa maulendo okaphunzira. Mayi wosankhidwa kumene mupatseni mpata woyeserera kutsogolera msonkhano pagulu laling'ono asanakaime pamaso pa amfumu.

Mukakolola, bwerezani ntchito ya miyala ija ndi mabanja omwewo, amayi paokha kaye. Afunseni maola amene anathera pozula udzu, amene anatuta mapesi, amene anakagulitsa, ndi chimene chinagulidwa. Ngati miyala ya mayi yachuluka kuposa chaka chatha, chepetsani gawo la munda limene lili pa njira yatsopano, ndipo mugawanenso ntchitoyo musanayambe kusosa.