Laputopu yakalamba: muikonzetse kapena mugule ina? Za ife okonza zithunzi

Anzanga ojambula muno mu Lilongwe mukuidziwa nkhaniyi. Mwajambula ukwati Loweruka, chinkhoswe Lamulungu ku Area 25, makadi adzaza, Lolemba m'mawa eni ake ayamba kale kuimba kuti zithunzi zathu bwanji, inu mukatsegula Lightroom chithunzi chimodzi chikutenga nthawi kuti chioneke bwinobwino, mukasuntha exposure mudikire kaye kuti makina aganize. Maganizo oyamba amakhala oti basi ndigule ina. Koma chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera, kugula kompyuta si nkhani yongodzuka nayo. Nde musanakatenge ngongole ku banki mkhonde kapena kugulitsa lens, yambani mwadziwa chimene chikudwala m'makinamo, chifukwa zina n'zoti mungasinthe ndi ndalama yochepa pomwe zina sizisinthika olo mutalipira bwanji.

Osangoganizira ayi, kompyutayo imanena yokha. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, Task Manager itseguka, pitani pa Performance. Muona CPU (ndiyo purosesa, ubongo wa kompyuta), Memory (ndiyo RAM), Disk (mosungira mafayilo), ndi GPU (ndiyo graphics card). Isiyeni yotsegula pambali kenako gwirani ntchito yeniyeni imene imakuvutani ija, lowetsani ma RAW a ukwati, yendani chithunzi ndi chithunzi, tsegulani china mu Photoshop, pangani export. Diso likhale pa manambalawo. Chimene chikugunda 100% n'kukhala pomwepo ndiye wodwala wanu. Kuyang'ana makina ali phee osagwira ntchito sikukuuzani kanthu.

Ikakhala Disk ndipo pansi pake palembedwa HDD, sangalalani, vuto lanu ndi lotchipa kuposa onse. HDD, hadi disiki ya mu laputopu, ili ndi kambale kozungulira mkati ndipo imawerenga pafupifupi 100MB pa sekondi, pomwe SSD, disiki yopanda chozungulira mkati, yawamba ya SATA imafika cha m'ma 500MB, ya NVMe imapitirira 2,000MB. Ndipo kusiyana kwenikweni kumaonekera pa tizifayilo tambirimbiri ting'onoting'ono ngati ma preview a Lightroom. Mukaika SSD, makina omwe amatenga maminitsi kuti ayake amadzuka pa masekondi. Ine ndinganene kuti aliyense amene akukonzabe zithunzi pa HDD asaganize n'komwe zogula kompyuta ina asanayese SSD. Tengani ya 500GB kupita m'mwamba, ya 128GB kapena 256GB idzaza musanadziwe, poti RAW imodzi ya kamera ya 24 megapixel imakhala 25MB mpaka 30MB, zithunzi 1,000 ndi 30GB yapita. Photoshop nayo imafuna malo opanda kanthu pa disiki oti izilembapo ikamagwira ntchito, mukaona uthenga wa scratch disks are full ndi zimenezo. Windows, mapulogalamu, catalog ndi ntchito ya sabata ino zikhale pa SSD, maukwati a chaka chatha apite pa external.

Musanagule onani kuti makina anu amalandira yotani, ya 2.5 inchi kapena kaja kakang'ono kotalika ka M.2, ndipo M.2 yomweyo ilipo ya SATA ndi ya NVMe, si malaputopu onse amalandira ziwiri zonsezo. Hadi disiki yakaleyo musataye, iikeni mu kakesi ka USB ikhale yosungirako, koma muiyeze kaye ndi CrystalDiskInfo, ndi yaulere. Ikalemba Good zili bwino, ikalemba Caution ndi chikasu kopani zithunzi za anthu lero lomwe. Ndipo tekinishani asanagwire chilichonse, kopani fayilo ya catalog ija yothera ndi .lrcat ndi ma preset anu pa flashi, ntchito yonse imene munakonza ili mmenemo.

Ikakhala Memory ndi imene yadzaza ndekuti RAM yachepa. A Adobe eni ake amati 8GB ndi poyambira, 16GB ndi imene amalimbikitsa pa Photoshop ndi Lightroom Classic, nde amene muli pa 4GB mukudzizunza. Pa Task Manager pomwepo pamalembedwa Slots used, mukaona 1 of 2 ndekuti malo alipo oti muwonjezere. Apa ndi pomwe anthu amagula zolakwika. DDR3, DDR4 ndi DDR5 sizilowana, mano ake ndi osiyana, ndipo malaputopu ambiri a nthawi ya Intel generation 4 ndi 5 amafuna DDR3L osati DDR3 wamba. CPU-Z ikuuzani mtundu umene muli nawo, komanso lembani model ya laputopu yanu pa Google muone kuti imathera pa ma GB angati. Malaputopu ena opyapyala aja RAM yake anaimatirira pa bodi, palibe chowonjezera. Njira yabwino ndi kunyamula laputopuyo kupita nayo ku shopu, kaya ku Old Town kaya ku Area 3, aike muli pomwepo, iyake, muone 16GB pa sikirini kenako mulipire. Ziwiri za 8GB zimayenda bwino kuposa imodzi ya 16GB makamaka ngati mulibe graphics card yapadera.

Tsopano purosesa, ndipo apa ndikufuna timvane bwino chifukwa ndi pomwe pagona yankho la funso lonseli. Kasitika kolembedwa Core i7 kanapusitsa anthu ambiri. Chofunika ndi nambala yotsatira. i5-4300U ndi generation 4, i7-7500U ndi generation 7, i5-8250U ndi generation 8, ndipo manambala akakhala asanu ngati i5-10210U mumawerenga awiri oyamba, imeneyo ndi 10. Nde taonani, i7-7500U ili ndi ma core awiri okha pomwe i5-8250U ili ndi anayi, kutanthauza kuti i5 imeneyo imaithawa i7 ija pa export. Pa malaputopu ambiri purosesa ndi yomatirira, simungaichotse n'kuika ina. Kuwonjezera apo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo lake imafuna Intel generation 8 kupita kutsogolo kapena, pa malaputopu a AMD, Ryzen 3000 kupita kutsogolo, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Alipo akatswiri amaikakamiza pa makina akale ndipo imayaka, koma sindingamangire bizinesi pamenepo. Mapulogalamu atsopano nawo amapita akusiya Windows yakale pang'onopang'ono.

Ndiye mzere wanga ndimaulemba pamenepo. Generation 8 kupita m'mwamba, ikani SSD ndi 16GB, makina amenewo akudyetsanibe kwa zaka. Generation 7 kutsika, gulani SSD yokha, mwina ndi RAM ya second hand ngati mwaipeza motchipa, koma osapitirira apo. Kuthira ndalama zambiri pa generation 3 kapena 4 kuli ngati kugulira matayala atsopano minibasi yoti injini inatha kale. SSD ndikuilola chifukwa tsiku lomwe mudzagule makina ena mudzasamuka nayo, kaya mkati kaya mu kakesi.

Koma musanaiweruze purosesa, onani kutentha. Fumbi la kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mukulidziwa, limalowa paliponse, ndipo mukatsegula laputopu yoti sinatsukidwepo mupeza pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mphepo pali chinthu chonga thonje lakuda chotseka njira yonse. Purosesa ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Zizindikiro zake, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka koma mphepo yotuluka ndi yochepa, makina amayamba bwino m'mawa koma pakatha theka la ola ayamba kukoka miyendo, ndipo pa Task Manager Speed ikutsika mpaka pansi pa 1 GHz pomwe ntchito ili mkati. Kutsukitsa ndi kuika thermal paste yatsopano, phala lopaka pa purosesa lothandiza kuchotsa kutentha, ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi zina zonsezi. Musamagwirire ntchito pa bedi kapena pa bulangeti, pansi pazipita mphepo. Chaja nayo, makamaka pa Dell, ikakhala yosakhala yeniyeni makina amatha kukana kuizindikira n'kumayenda pang'onopang'ono dala. Pokonza zithunzi chaja ikhale yolumikiza, ambiri pa batire amachepetsa mphamvu.

Za GPU zimadalira ntchito yanu. Ngati mumajambula za panja masana, ma passport, ma graduation, simukuifuna kwambiri. Koma amene mumajambula madyerero a ukwati m'maholo a mdima, ISO ili m'mwamba, ndipo mukufuna Denoise ija Lightroom inabweretsa mu 2023 yochotsa timadontho ta noise pa chithunzi, imeneyo imadya graphics card, pa makina opanda khadi chithunzi chimodzi chimatha kutenga maminitsi. Pa laputopu khadi siwonjezereka. Pa desktop zimatheka, kungoti ma OptiPlex ndi ma HP ang'onoang'ono a muofesi aja amafuna khadi ya low profile yosadya magetsi ambiri poti power supply yake ndi yochepa. Generative Fill ya Photoshop ndi nkhani ina, imagwirira pa intaneti, imeneyo ikachedwa funsani netiweki ndi bandulo yanu.

Chimene anthu sachitchula koma kwa ine n'chachikulu ndi sikirini. Makina atha kuthamanga bwanji koma ngati sikirini ikunama, zithunzi zituluka zolakwika basi. Malaputopu ambiri akale ali ndi sikirini ya TN ya 1366x768, yeserani pompano, tsegulani chithunzi cha nkhope kenako weramitsani sikirini pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Khungu likasintha, apa lawala apa lada, ndekuti simukudziwa chimene mukukonza. Khungu lathuli ndi losakhululuka, mukalakwitsa pang'ono mkwatibwi atuluka wofiirira ngati wapsa kapena wotuwa ngati sanadzole, chitenje cha yunifomu ya akuchikazi chomwe chinali maroon chituluka mtundu wina, kasitomala akaona pa foni yake kapena mukakasindikiza album mpamene mavuto amayamba. Mankhwala ake si laputopu ina, ndi monita ya IPS, ya mainchi 24, 1920x1080, yoti yalembedwa kuti imafika 99% sRGB kapena kuyandikira, mulumikize pa HDMI. Imeneyinso mudzasamuka nayo.

Kungoti monita ndi desktop zimafuna magetsi, ndipo tonse tikudziwa kuti amatha kuthima ntchito ili pakati. Desktop pa ndalama yofanana imakhala yamphamvu kuposa laputopu komanso yosavuta kuwonjezera zinthu, koma popanda UPS, inverter kapena sola mukuika catalog yanu pachiswe, ikazima ikulemba imatha kuwonongeka. Kwa amene mulibe zimenezo laputopu ya batire labwino ndiye yanzeru. Kuti mudziwe batire lanu latsala bwanji tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport, ikupatsani fayilo, mufananize Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Likatsala theka latopa. Mukaona touchpad yatukuka kapena kesi ikutseguka yokha m'mbali, batire latupa, kalichotsetseni msanga, ndi loopsa.

Zilipo zina zaulere zoti muyese madzulo ano. Mu Lightroom pangani Smart Previews polowetsa zithunzi ndipo mu Preferences pa Performance muchonge kuti izigwiritsa ntchito zimenezo pokonza, makina ofooka amapumako. Tsekani Chrome, imadya RAM kwambiri. Pa Startup mu Task Manager zimitsani zonse zosafunika. Sankhani zithunzi kaye, zotseka maso ndi zosaoneka bwino zichoke musanayambe kukonza. Ndipo mapulogalamu a crack aja nthawi zambiri amabwera ndi tizilombo tomwe timadya purosesa mwakachetechete, ngati madola a Adobe akuvuta kulipira darktable, RawTherapee ndi GIMP ndi zaulere mwalamulo.

Mukatha zonsezi tengani pepala. Lembani mtengo wa SSD, RAM, batire, kutsukitsa, kiyibodi ngati inafa, hinji ngati inathyoka, ndi ya tekinishani. Funsani mashopu angapo poti mitengo imasiyana komanso ikusintha pafupipafupi, RAM inakwera padziko lonse kumapeto kwa 2025. Mbali inayi lembani mtengo wa ex-UK yabwino, EliteBook, Latitude kapena ThinkPad ya generation 8 kupita m'mwamba yokhala ndi 16GB ndi SSD. Kwa ine zokonzetsa zikapitirira theka la mtengo umenewo, ndipo zambiri mwa izo ndi zoti simudzasamuka nazo monga batire ndi kiyibodi, siyani, sungani ndalamayo. Muwerengerenso nthawi, ngati mwezi uliwonse mukukana ntchito kapena mukupereka zithunzi mochedwa chifukwa cha makina, imeneyo ndi ndalama imene ikutuluka kale.

Mukasankha zogula, pitani ndi flashi yokhala ndi ma RAW anu ndi CrystalDiskInfo. Onani nambala ya purosesa pa Task Manager osati pa kasitika, onani ma slot a RAM, weramitsani sikirini, tsegulani chithunzi choyera mbee ndi chakuda bii muone ngati pali madontho kapena mizere, pangani battery report, lowetsani SD khadi ndi ma USB onse, lowani mu BIOS muone kuti mulibe password ya kampani yomwe inkaigwiritsa ntchito kunjako. Wogulitsa akakana kuti muyese, tulukani, mashopu ndi ambiri. Risiti ilembedwe serial number ndi masiku a waranti. Yakale ija ngati mukuigulitsa kapena kupatsa mphwanu, chotsanimo disiki kapena muifufute yonse ndi Reset this PC posankha Remove everything ndi Clean data, muli zithunzi za mabanja a anthu mmenemo.