Bwalo la nkhuku: yambani mwaona kumene madzi a mvula amapita

Ine ndinayamba kutsekera nkhuku chifukwa cha nazale ya aneba. Zinawamalizira mpiru wonse m'mawa umodzi, ndipo zimene ndinamva tsiku limenelo sindingazilembe pano. Ndiye ndinazika mpanda mwaphuma kumunsi kwa bafa, poti n'pamene panali malo. Mvula ya Januwale itagwa, bwalo lonse linasanduka dambo. Fungo lake osanena, nkhuku zili nyowe, zina zikutsegula m'mimba.

Choncho musanakumbe dzenje la nsanamira ngakhale limodzi, dikirani mvula yamphamvu, mutuluke mukaone pamene madzi akudikha. Pamenepo ayi. Sankhani pokwererapo, ndipo chakumtunda kwake mukumbe kangalande kopatutsa madzi. Pakhalenso mthunzi, kaya wa mango kaya wa nthochi, chifukwa dzuwa la Okotobala nkhuku zimangoti kukamwa yasa, mazira n'kuchepa.

Nkhuku iliyonse muiwerengere malo osachepera sikweya mita imodzi. Zanga 10 zili m'bwalo la mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, ndipo ndikanakhala ndi poloti yaikulu ndikanawonjezera. Zikapanikizana zimayamba kujomphana ndi kuzulana nthenga. Za Mikolongwe n'zolemera, siziuluka kwenikweni, koma zachikuda zimadumpha mpanda waufupi ngati masewera. Mpanda ufike pafupifupi mamita 2, ndipo yovutitsitsayo muidule nthenga za phiko limodzi lokha.

Waya kapena nsungwi, zonse zimagwira ntchito. Nkhani ili pansi. Kwirirani wayayo masentimita 30 m'nthaka, apo ayi galu akumba usiku. Likongwe amalowa pa kampata koti simungakhulupirire, ndiye khola logonamo lizitsekedwa madzulo alionse. Kumene kuli anapiye ikani ukonde pamwamba, chifukwa mphamba sachedwa. Nsanamira za bulugamu muziwauleko kunsi musanazike, chiswe chisazimalize msanga.

Chimene chinandithandiza koposa n'kugawa bwalo pakati. Nkhuku zikakhala malo amodzi zimapalasa mpaka pansi pamakhala mbee, ndipo mazira a nyongolotsi za m'mimba amachulukana m'zitosi. Ndimazisiya mbali imodzi mwezi ndi theka, uku mbali inayo ikupuma. Yopumayo ndimaitipula, n'kuwaza mbewu ya bonongwe, chisoso chimamera chokha. Tsiku lotsegula chitseko chapakati muzione mmene zimathamangira!

Nthawi yadzinja ndimathira utuchi kapena mankhusu a mpunga pakhomo la khola, poti m'pamene matope amayambira. Zikada ndimawola n'kukaunjika pa manyowa, zimakathera ku chimanga. Pakona yosanyowa pali tayala lakale lodzaza mchenga ndi phulusa lozizira. Nkhuku zimasamba mmenemo, utitiri ndi nsabwe n'kuchepa. Chomwera madzi chikhale pamthunzi, pamwamba pa njerwa ziwiri kuti zisamapalasiremo dothi.

Mpanda suletsa chitopa, chimalowa ndi nsapato zanu zomwe. Katemera wa chitopa wotchedwa I-2, wa dontho limodzi m'diso uja, ndimapereka miyezi 4 iliyonse. Ndipo nkhuku yogula kumsika, ngakhale yopatsidwa ndi apongozi, imayamba yakhala payokha milungu iwiri isanalowe m'bwalo.