Kumbani dzenje kaye musanamange kapena kulima m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe

Poloti ya ku Kawale, Biwi, Mchesi kapena Mtandire imaoneka bwino mu Okutobala, nthaka ili gwa. Nthaka yomweyo mu Febuluwale imanena zina. M'madera oyandikana ndi mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi dothi limasintha pa mtunda waufupi kwambiri, moti nyumba ziwiri zoyandikana zikhoza kukhala pa nthaka yosiyana.

Pansi penipeni pa mzinda pali thanthwe lakalekale lomwe pamwamba pake linafumbutuka n'kusanduka dothi. Kumtunda ndi komwe kuli katondo, dothi lofiira lija, lozama, lomwa madzi bwino komanso losunga maziko. Mukamatsikira kumtsinje mumayamba kupeza lubwe, mwala wofiirira wonga dzimbiri womwe khasu limanjanja. Lubwe amaletsa madzi kulowa pansi, ndiye mvula ikachuluka madzi amangoyenda pamwamba pake n'kudzatulukira m'nyumba. M'madambo muli makande, ndipo m'mphepete penipeni muli mchenga ndi matope zomwe mtsinje umasiya ukasefukira.

Makande ndiye wovuta. Akamwa madzi amafufuma, akauma amanyala n'kuchita ming'alu yoti dzanja n'kulowamo. Khoma lomangidwa pamenepo limakankhidwa m'dzinja, n'kutitimira m'chilimwe, chaka ndi chaka, mpaka mng'alu wopingasa utayambira pakona ya zenera, chitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Ambiri amadzudzula mmisiri kapena simenti, koma vuto lili pansi.

Kuti mudziwe nthaka yanu, kumbani maenje awiri, lina kumtunda kwa poloti lina kumunsi, lililonse lozama mita imodzi ndi theka. Nthawi yake ndi Febuluwale kapena Malichi, madzi apansi atakwera. Yang'anani khoma la dzenjelo. Dothi lofiira mpaka pansi ndiye kuti madzi sakhalitsapo. Mukaona lotuwa, la mawanga achikasu kapena a dzimbiri, pamenepo ndi pomwe madzi amafika, ngakhale tsikulo pakhale pouma. Vindikirani dzenjelo kuopa ana, mudzaonenso m'mawa ngati madzi atuluka.

Kenako tapani dothi la pansi pa dzenje, mulinyowetse, mulipote m'manja ngati chingwe. Likamangoyoyoka ndi mchenga. Likapindika mpaka kupanga mphete osathyoka, ndi dongo lochuluka. Botolo loonekera mkati limathandizanso: thirani dothi gawo limodzi mwa atatu, dzazani madzi, onjezani kamchere pang'ono, khutchumulani. Mchenga umakhazikika m'mphindi imodzi, matope osalala pakatha maola awiri, dongo limatenga tsiku kapena kuposa.

Ngati makande ndi osazama, achotseni onse mpaka mupeze nthaka yolimba, mukwirire ndi miyala ndi mchenga mosinja pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi iliyonse. Ngati apitirira mita imodzi, musangoyerekeza, itanani injiniya. Madzi a padenga asamagwere patsinde pa khoma, ndipo bulugama akhale kutali, chifukwa amayamwa chinyontho mbali imodzi nyumba n'kupendekera komweko.

Chimbudzi chili ndi malire ake. Pansi pa dzenje lake pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa pomwe madzi amafika, ndipo chitalikirane ndi chitsime mamita 30, chitsimecho chili kumtunda. Pa mchenga mangirani njerwa mkati mwa dzenje, apo ayi lidzagumuka ndi mvula yoyamba. Pomwe madzi ali pafupi, kwezani chimbudzi pamwamba m'malo mokumba mozama.

A madimba ndiwo amapindula ndi nthaka yakumunsiyi. Pa makande kwezani mabedi ndipo musalime pali ponyowa kwambiri, dothi limaumbika ngati njerwa. Pa mchenga thirani manyowa ambiri, madzi azikhala ochepa koma pafupipafupi. Gombe lenilenilo lisiyeni ndi bango, nsungwi kapena vetiva.

Poloti yomwe kale anaumbapo njerwa kapena kukumbapo mchenga, n'kukwirira ndi zinyalala, imatitimira ngakhale pamwamba paoneke posalala. M'dzenje lanu mudzapezamo mapepala apulasitiki ndi zidutswa za njerwa. Funsaninso okhalitsa m'deralo pomwe madzi anafika pamene Lingadzi anasefukira ku Mtandire mu 2017, ndipo musalipire poloti ya m'mbali mwa mtsinje musanafunse ku khonsolo ya mzinda ngati malowo ndi ololedwa kumangapo.