Mmene mungasankhire "Inde" kapena "Ayi" pa mfundo zovotera ku California

Riferendamu ya kwathu ya mu 1993 inali ndi funso limodzi lokha, nyali kapena tambala wakuda. Ku California nzika zakhala zikuvotera malamulo mwachindunji kuyambira mu 1911, ndipo pa chisankho cha Novembala 2024 panali mfundo 10 zoti munthu ayankhe. Ndikulembera inu amene muli kale nzika za America ndipo munalembetsa m'kaundula. Amene ali ndi green card yokha asayerekeze kuvota, chifukwa ndi mlandu wothamangitsitsa munthu m'dziko.

Choyamba, musataye kabuku kamene ofesi ya Secretary of State, yoyang'anira zisankho ku California, imatumiza pa positi kwaulere. Pa mfundo iliyonse yambani ndi zimene alemba a Legislative Analyst's Office, amene sakhala mbali ya chipani chilichonse ndipo amafotokoza ndalama zimene boma lidzawononge kapena kupeza. Masamba a otsutsana muwerenge pomaliza, pakuti boma limangowasindikiza osafufuza ngati zimene akunenazo n'zoona.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pamafunika kudekha, fufuzani kuti mfundoyo yafika bwanji pa pepala lovotera. Ina imachokera kwa aphungu, ina kwa anthu otolera masiginecha ofuna lamulo latsopano, koma palinso ina imene cholinga chake n'kugwetsa lamulo limene aphungu anavomereza kale. Pa mtundu wachitatuwu, mpaka mu 2023, "Inde" ankatanthauza kuti lamulolo likhale, pamene "Ayi" ankatanthauza kuti lichotsedwe (tsopano pa pepala lovotera amalemba "Keep the law" ndi "Overturn the law"), choncho amene anaibweretsa mfundoyo ndi amenenso amafuna kuti muikane. Zimenezi zinandisokoneza mu 2020 pa Proposition 25. Aphungu anali atavomereza mu 2018 lamulo lothetsa belo ya ndalama, ndipo makampani opereka belo ndi amene anatolera masiginecha kuti nkhaniyo ipite kwa ovota. Nditamva kuti mfundoyo ndi yawo, ndinachonga "Ayi" poganiza kuti ndikuwakana, chonsecho ndinali kuwapatsa chimene ankafuna. Ndinazindikira ndisanamate envelopu yotumizira voti pa positi, ndipo ofesi ya zisankho ya m'dera lathu inandipatsa pepala lina. Mu kabuku kaja muli ziganizo ziwiri zazifupi zonena chimene "Inde" ndi "Ayi" adzachite, ndipo muziwerenge mokweza musanagwire cholembera.

Chachitatu, onani amene akutulutsa ndalama. Mu 2020 momwemo Uber, Lyft, DoorDash ndi anzawo anawononga madola oposa 200 miliyoni pa Proposition 22 yokhudza madalaivala awo, ndipo inadutsa. Kuchuluka kwa ndalama sikusonyeza kuti mfundo ndi yoipa, koma kumakuuzani amene akuyembekeza kupindula. Tsamba la pa intaneti la Fair Political Practices Commission, bungwe la boma loyang'anira ndalama za makampeni, limatchula opereka ndalama akuluakulu 10 pa makampeni aakulu. Chenjeraninso ndi timapepala tonyezimira timene timadzaza bokosi la makalata, tokhala ndi mayina omveka ngati a aphunzitsi kapena apolisi: yang'anani kanyenyezi pambali pa mfundoyo, chifukwa kamasonyeza kuti malowo anachita kulipira.

Chachinayi, mukaona mfundo yoti boma likongole ndalama, monga madola 10 biliyoni a masukulu mu Proposition 2 ya 2024, kumbukirani kuti ngongoleyo imabwezedwa ndi chiwongoladzanja kwa zaka zambiri kuchokera m'thumba lomwelo la misonkho. Dziwaninso kuti lamulo lobwera ndi masiginecha aphungu sangalisinthe okha pokhapokha ngati lamulolo likuwalola, n'chifukwa chake Proposition 13 ya 1978 ikulamulirabe msonkho wa nyumba mpaka lero.

Mfundo imene simunaimvetse mukhoza kuisiya osachonga, ndipo mavoti anu ena adzawerengedwa. Sainani envelopu monga munasainira polembetsa, sitampa siifunika, ndipo muitumize tsiku la chisankho lisanadutse.