Khesi ikawonongeka mu dayi, yambani mwayang'ana pamene yavulala

Kuno ku Joni kukangoyamba kuzizira cha mu May, anzathu osaka nyama amatulutsa m'magalaja makhesi akale, timachubu ta mkuwa totsala chipolopolo chikawomberedwa, kuti awadzazenso kukonzekera maulendo a ku Limpopo ndi ku Free State, ndiye mafunso amene amandipeza amakhala omwewo chaka ndi chaka. Achimwene khesi yanga yatuluka ndi timaenje paphewa, achimwene yakanirira mu dayi sikutuluka, wina akuti khosi lang'aluka. Ambiri amathamangira kunena kuti dayi, chitsulo chobooka chimene khesi imafinyidwiramo kuti ibwerere mu saizi yake, ndi yabodza, akufuna akagule ina. Dikirani kaye abale anga, dayi ya Lee, RCBS kapena Redding kawirikawiri ilibe mlandu, vuto limakhala m'manja mwathu momwemu, ndipo khesiyo ikakhala kuti mwaiyang'ana bwino imaonetsa chomwe chalakwika.

Ndinene kaye za lamulo poti ndife alendo m'dziko muno. Firearms Control Act ya 2000 imalola kudzaza zipolopolo munthu yekhayo amene ali ndi laisensi ya mfutiyo, ndipo zikhale za mfuti yake yomweyo, mapulaima (tizipewa ta kuthako kwa khesi toyatsa onga) osapitirira 2400 pa mfuti iliyonse pokhapokha ngati analembetsedwa ngati dedicated hunter kapena wamasewera. Laisensi nayonso imafuna nzika kapena wokhala ndi permanent residence. Ndiye ngati mumagwira ntchito kwa bwana wa mfuti, musatengere makhesi ndi onga kuchipinda kwanu mukuti ndikamuthandize, muzalira ndi apolisi.

Tiyambe ndi timaenje ta paphewa, chifukwa ndi tomwe timachuluka. Amenewo ndi mafuta opaka khesi isanalowe mu dayi mwachulutsa basi. Mafuta akaunjikana paphewa alibe kothawira pamene khesi ikukankhidwa mu dayi, madzimadzi safinyika, ndiye chimene chimagonja ndi mkuwa. Pakani pang'ono kwambiri, kuthupi kwa khesi kokha, paphewa ndi kunja kwa khosi osafikako. Ine ndimakonda wakisi wa Imperial, kungokhudza ndi chala kamodzi kumakwanira makhesi awiri atatu. Madayi ambiri ali ndi kabowo kakang'ono m'mbali kotulutsira mpweya ndi mafuta otsala, kakatsekeka timaenje timabwera ngakhale mwapaka bwino, tengani kawaya mukatsegule, dayi yonse muipukute mkati. Kadzenje kakang'ono kopanda mkwinya wakuthwa kamawongoka kokha mukawombera, koma ngati papindika ngati chitini chopondedwa, tayani.

Ndiye pali amene amamva kuti mafuta asachuluke nkuleka kupaka kumene. Apo khesi imakanirira, mukakoka mwamphamvu mkombero wake umaduka mu shellholder, kachitsulo kogwira khesi kuthako, khesi yatsala mkati. Musamenye ndi hamala ndi msomali. Pali kachipangizo kotulutsira, mumaboola pamalo pa pulaima, kudula mazinga, kenako bawuti imaikoka pang'onopang'ono. Mukamva chogwirira cha pulesi, makina okankhira khesi mu dayi, chikulimba modabwitsa khesi isanalowe yonse, imani pomwepo mubwerere, mkono wanu usapikisane ndi chitsulo.

Mizere yokalika kutsika m'thupi la khesi ndi dothi. Fumbi la Joni mumalidziwa, makamaka mu August mphepo ikamauluza mchenga wa m'milu ya migodi, limalowa paliponse mpaka mu galaja yotseka. Khesi yomwe mwatola pansi ku renji yowomberera nkuilowetsa mu dayi osatsuka imasiya timchenga ndi tizidutswa ta mkuwa tomata mkati, ndiye makhesi onse otsatira amatuluka ndi mzere pamalo amodzimodzi. Tsukani makhesi musanayambe, koma osati ndi Brasso kapena chilichonse chokhala ndi amoniya, mkuwa wa makhesi ndi kopa 70 pa 100 ndi zinki 30 pa 100, ndipo amoniya amauchititsa kung'aluka pakapita nthawi.

Tsopano chimene ndimafuna timvetsetsane bwino ndi ichi, chifukwa zina zonsezi zimangowononga ndalama koma ichi chimatha kuwononga diso. Kabuku ka dayi nthawi zambiri kamati mangani dayi mpaka ikhudze shellholder, kenako muwonjezere pang'ono. Zimenezo zimabweza khesi kuti ilowe mu mfuti ina iliyonse, koma chemba ya mfuti yanu, malo amene chipolopolo chimakhala musanawombere, ikakhala yotakasuka, ndiye kuti phewa mukulikankhira kumbuyo mopitirira. Mukawombera, mbali yakutsogolo ya khesi imagwira makoma a chemba, thako lake limabwerera kumbuyo kukagunda bawuti ya mfuti yotsekera chemba, ndiye mkuwa umatanuka pamwamba pang'ono pa thako, pamene khoma lokhuthala limathera. Mukabwereza kangapo pamalo amenewo pamapyapyala, tsiku lina khesi imaduka pawiri, mpweya wotentha nkubwerera kumaso kwa wowombera. Chizindikiro chake ndi kamkombero kowala kozungulira khesi pafupi ndi thako. Musakhulupirire maso okha, wongolani kawaya ka pepa kilipu, pindani kansonga kake, lowetsani mkati mukande khoma kuchokera pansi kukwera, mukamva kakukodwa mu kangalande ndiye kuti khesi imeneyo yatha ntchito, ndipo anzake amene mwawadzaza maulendo ofanana muwakayikirenso.

Mankhwala ake ndi kubweza dayi m'mwamba, kenako kumatsitsa pang'onopang'ono mukuyeza, mpaka phewa libwerere 0.002 inchi yokha, ndiye ngati 0.05 mm, kusiyana ndi khesi imene yangowomberedwa mu mfuti yomweyo. Opanda geji yoyezera phewa akhoza kuyesa khesi yopanda kanthu mu mfuti, bawuti ikangoyamba kutseka mosavuta, mangani loko ringi ya dayi pomwepo. Amene muli ndi .303 ya Lee-Enfield, zija zadzaza m'mafamu muno, mumve kawiri, machemba a mfuti zimenezi anapangidwa otakasuka kuti azigwira ntchito ngakhale m'matope a kunkhondo, ndiye makhesi ake saachedwa kuduka. Ambiri amangofinya khosi lokha, khesi iliyonse nkumabwerera ku mfuti yake yomweyo.

Khosi long'aluka ndi ukalamba. Mkuwa ukamafinyidwa ndi kufutukuka umauma ngati waya amene mwaupindapinda. Ena amawotcha khosi ndi phewa kuti zifewenso, ndi zoona zimathandiza, koma moto usafike ku thako ngakhale pang'ono, thako likafewa khesiyo ndi ngozi. Ngati simunaonepo wodziwa akuchita, kulibwino kugula makhesi atsopano. Mkati mwa khosi muzipitsamo kaburashi ndi mafuta ouma a graphite, apo ayi ka expander, kachitsulo ka mu dayi kofutukula khosi, kamalira kwiii potuluka kwinaku kakukoka khosi ndi phewa.

Phewa lokwinyika ngati nsalu nthawi zambiri si dayi yofinyira ayi, ndi ija yokhazikira chipolopolo imene mwaitsitsa kwambiri, kapena khesi yatalika. Khesi ya .308 Winchester isapitirire 51.18 mm, yezani ndi vernier mukamaliza kufinya osati musanayambe, yotalika muidule nkusalaza pakamwa.

Kapini kochotsa pulaima kakathyoka kawiri motsatizana, walitsani tochi mkati mwa khesi. Mukaona timabowo tiwiri m'malo mwa kamodzi kapakati, imeneyo ndi ya Berdan, makhesi akale a asilikali a kuno a 7.62 amakhala otero, kapini sikangapeze polowera. Ine onse amene ndawakana, a Berdan, a mkombero wowala, ong'aluka, ndimawaphwanya pakamwa ndi pulayala ndisanaponye mu chidebe cha sikirapu, chifukwa ndinaonapo khesi yotayidwa itabwereranso pa tebulo, mwana ataitola pansi akuti akundithandiza.