Mukufuna kumayenda ndi pisito ya zipolopolo za rifle ku America? Yambani mwaona izi

Abale anga amene muli ku America, makamaka inu a ku Indiana ndi ku Texas komwe mfuti sizivuta kupeza, nkhani ya timfuti tatifupi tomwe amatitcha AR pistol kapena Draco ija ikukopa anthu ambiri, munthu amaiona pa YouTube basi mtima dyokodyoko kuti ndikagule yoti ndizidzitetezera. Ine maganizo anga ndinene poyambirira pomwe, mfuti imeneyi malamulo amailola m'masteti ambiri ndithu koma yoyenda nayo tsiku ndi tsiku si yabwino, ndipo kwa ife obwera kalakwitsidwe kakang'ono chabe kakhoza kukudyerani mapepala onse. Tiyeni tione m'mene mungayendere musanataye ndalama.

Choyamba musaone mfuti, onani mapepala anu. Lamulo la feduro limaletsa munthu yemwe alibe mapepala kugwira mfuti kapena chipolopolo ngakhale chimodzi, ndipo amene ali pa visa yongokhala kwa kanthawi, monga ya sukulu kapena yodzacheza, nayenso ndi woletsedwa kupatula pa zifukwa zochepa ngati kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Wa green card amaloledwa kugula. Koma apa mumvetsetse, mlandu wokhudza mfuti uli m'gulu la milandu yomwe munthu wa green card amatha kudipotedwa nayo, ndiye chinthu chomwe mnzanu wobadwira komweko angangolipira faindi nkubwerera kuntchito inu chingakukwezeni ndege. Ngati mukukayika ngakhale pang'ono kaonaneni ndi loya wa za imigireshoni kaye, ndalama imeneyo siyopita pachabe.

Kushopu akakupatsani fomu yotchedwa 4473 kenako amafufuza mbiri yanu kudzera ku NICS, njira ya FBI yoonera ngati munthu ndi woletsedwa kugula mfuti, ndipo pisito kwa wogulitsa wa laisensi amagula munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba. Pa fomupo amafunsa za unzika, za chamba, za milandu yomenya mkazi kapena mwamuna pakhomo. Yankhani zoona zokhazokha. Ndipo chonde chonde musagulire munthu wina, kaya ndi mlamu wanu kaya ndi mnzanu wa kumpingo amene mapepala ake sanatuluke, lamulo la 2022 linaika chilango chofika zaka 15 pa kugulira mfuti munthu woletsedwa.

Tsono mfuti yakeyo ndi yotani kwenikweni. Ndi AR-15 kapena AK yomwe inapangidwa ndi mpope waufupi komanso yopanda chotsamiritsa paphewa chija amati stock, ndiye pa lamulo imawerengedwa ngati pisito ngakhale imadya zipolopolo za 5.56 kapena 7.62x39 zomwe zimalowa mu mfuti zazikulu za asilikali. Draco imapangidwa ku Romania, mpope wake ndi mainchesi 12 ndi pang'ono, ndipo palinso Mini ndi Micro zofupikirapo. Pomwe pagona nkhani ndi lamulo lakale la 1934 lotchedwa National Firearms Act, lomwe limati rifle ya mpope wosakwana mainchesi 16, omwe ndi masentimita pafupifupi 40, iyenera kulembetsedwa ku ATF, nthambi ya boma la feduro yoona za mfuti. Ndiye mukangotenga stock nkuika pa pisito yanu ija musanalandire chilolezo mwapanga rifle yaifupi yosalembetsa, chilango chake chimafika zaka 10 kundende. Chimodzimodzi chogwirira choimirira chija amaika kutsogolo, pa pisito yaifupi chimaisandutsa mtundu wina wa mfuti wofunanso kulembetsa, anthu amangogula pa intaneti poona kuti chikuoneka bwino osadziwa kuti adziika m'madzi. Msonkho wa madola 200 womwe unalipo kuyambira 1934 anauchotsa pa ma rifle afupi kuyambira January 2026, koma kulembetsako kukadalipo, musasokoneze ziwirizi.

Palinso nkhani ya brace, kachipangizo koika kumbuyo kwa pisito, yomwe yazunguza anthu mitu zaka zambiri. Kachipangizo kameneka kanayamba cha m'ma 2012, kanapangidwira msilikali wolumala kuti azimangirira mfuti pamkono, koma anthu anayamba kukatsamiritsa paphewa ngati stock. Mu January 2023 ATF inatulutsa lamulo loti mapisito ambiri okhala ndi brace aziwerengedwa ngati ma rifle afupi, anthu anathamangira kukhothi ndipo mu June 2024 khothi la feduro ku Texas linalithetsa lamulolo. Mukuona nokha kuti m'chaka chimodzi ndi theka chinthu chomwecho chinali chololedwa, nkukhala mlandu, nkubwereranso, ndiye musadalire zomwe munamva chaka chatha, tsiku lomwe mukugula fufuzani m'mene zinthu zilili.

Mukathana ndi feduro bwerani ku steti yanu, chifukwa kumeneku ndi komwe kumasiyana kwambiri. Texas inayamba kulola kuyenda ndi pisito opanda pemiti mu September 2021, Indiana mu July 2022, ndipo masteti oposa theka ali choncho tsopano. Koma California, New York, New Jersey, Connecticut, Massachusetts ndi Illinois ali ndi malamulo oletsa mfuti zambiri za mtundu umenewu, ku Maryland nakonso nkovuta. Ganizirani munthu wa ku South Bend amene wanyamuka kupita ku Chicago kukatenga m'bale pa bwalo la ndege, ulendo wa maola awiri okha, mfuti ili pansi pa mpando, akangodutsa malire kulowa Illinois komwe anaziletsa mu January 2023 zinthu zasintha kale. Lilipo lamulo la 1986 loteteza munthu wongodutsa, koma limafuna kuti mfuti ikhale yopanda zipolopolo, yotsekeredwa kubuti, komanso ikhale yololedwa komwe mwachokera ndi komwe mukupita. Onaninso m'mene steti yanu imatanthauzira pisito, ku Michigan mwachitsanzo amayeza utali wonse ndipo malire ndi mainchesi 26. Ku positi ofesi, nyumba za boma la feduro ndi m'masukulu musayerekeze nkomwe, ndipo ngati mumagwira ntchito yosamalira okalamba kapena kuyendetsa Uber dziwani kuti malamulo a pantchito nawonso kawirikawiri amaletsa.

Tsopano tinene kuti zonsezo mwadutsa, funso nkumati kodi ndiyothandiza? Apa ndi pomwe ine ndimakana. Pisito wamba ngati Glock 19 yodzaza zipolopolo siifika kilogalamu imodzi ndipo imabisika m'chiuno pansi pa shati, pomwe Draco ili cha m'ma kilogalamu awiri ndi theka musanaikemo magazini, utali wake kupitirira theka la mita. Simungaibise pathupi, mapeto ake imakhala m'chikwama cha kumsana kapena m'galimoto, ndipo chigawenga chikakuimitsani pa filling station simupeza mpata wotsegula zipi. Mfuti yosiyidwa m'galimoto ndi yomwenso imabedwa kwambiri, mawa mumva yapha munthu kwina.

Chinanso chomwe ogulitsa sakuuzani ndi chakuti chipolopolo cha 5.56 anachipangira mpope wautali wa mainchesi 20, momwe chimatuluka pa liwiro loposa mamita 900 pa sekondi. Mukachiombera mu mpope wa mainchesi 7 onga wambiri umakapsera kunja, liwiro limatsika kwambiri ndipo chomwe mwapindula ndi moto waukulu pakamwa pa mfuti ndi phokoso. Phokoso lake limapitirira ma decibel 160 pomwe makutu amayamba kuonongeka nthawi yomweyo pa 140, ndiye muganize mwaombera mkati mwa galimoto kapena m'kakhonde ka apatimenti usiku, mwana ali pambali panu, maso achita chidima ndi kung'anima kuja makutu atseka, chigawenga chachiwiri simuchionanso. Komanso nyumba za ku America makoma ake ambiri ndi a mabolodi opyapyala otchedwa drywall, kwa chipolopolo cha 7.62 khoma lotere lili ngati mpanda wa udzu, chimadutsa nkukapeza neba ali m'tulo ndipo chipolopolo chilichonse chomwe chatuluka mu mfuti yanu mudzayankha ndinu kukhothi.

Ngati mwatsimikiza ndithu kuti mukuifuna, bola ikhale ya pakhomo osati yoyenda nayo, ndipo yang'anani ya zipolopolo za .300 Blackout zomwe anazipangira dala mipope yaifupi ya mainchesi ngati 9. Koma samalani zedi ngati muli ndi mfuti ina ya 5.56, chipolopolo cha .300 Blackout chimatha kulowa mu mfuti ya 5.56 ndipo mukaomba imaphulikira m'manja, magazini ake muwalembe chizindikiro ndipo muziwasunga posiyana. Ikanipo tochi kuti muziona yemwe mukumuloza, anthu aomberapo ana awo obwera usiku powayesa akuba. Gulani sefa yokhoma, pakhomo pathu alendo ndi ana sakutha.

Musanalipire pitani ku range komwe amabwereketsa mfuti, valani zoteteza makutu ziwiri, zolowetsa mkati ndi zovala pamwamba, muombere AR pistol kenako muombere pisito wamba ya 9mm pa mtunda wa mamita 5 mpaka 10 muone nokha yomwe mukulasa nayo bwino komanso mwachangu. Kenako lembetsani kalasi ya concealed carry, yophunzitsa kuyenda ndi mfuti yobisa pathupi, ngakhale steti yanu sikufuna pemiti, chifukwa m'kalasimo ndi momwe amaphunzitsa nthawi yomwe lamulo limakulolani kuomba, kuti pakhale chiopsezo chenicheni cha imfa kapena kuvulazidwa koopsa pa nthawi yomweyo, osati munthu wakutukwanani pa trafiki kapena akuthawa ndi foni yanu. Masteti ena amafunanso kuti muyambe mwathawa ngati njira ilipo. Pemitiyo imathandizanso poyenda chifukwa masteti ambiri amalemekezana mapemiti, ndipo wapolisi akakuimitsani pamsewu manja akhale pa chiongolero, muuzeni modekha kuti muli ndi mfuti ndi pomwe ili, musaifikire mpaka iye atakuuzani chochita.