Momwe mungaphwanyire nkhani yaifupi pokonzekera mayeso a Chichewa a MSCE

Ana ambiri a fomu 3 ndi 4 kuno ku Mangochi amaloweza bwinobwino kuti voko ndi chiyani, mpangankhani ndi ndani, koma ukawapatsa nkhani yeniyeni nkuti ndipezereni voko m'ndime iyi, basi maso padenga. Pomwe mafunso a MANEB nthawi zambiri amafuna muloze chinthucho m'nkhanimo, osati kungolakatula zomwe aticha analemba pa bolodi. Ndiye tiyeni tipange kankhani kathu: mnyamata wa ku Makanjira waba bwato la bambo ake usiku wa mu Julaye kukasaka usipa, agogo ake anali atamuletsa kale, mwera nkumupeza pakati pa nyanja.

Poyamba werengani nkhani yonse bolopeni ili pansi. Ulendo wachiwiri ndiye muzilemba mizere.

Kenako pezani malo ndi nthawi. Musangolemba kuti "kunyanja", ayi, nenani kuti ku Makanjira, usiku, nyengo yozizira. Izi zili ndi ntchito, chifukwa mwera umawomba kwambiri miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndipo wolemba sanasankhe Julaye mwangozi, wa kugombe aliyense akangomva mweziwo amadziwiratu kuti kutsogoloku kuli mavuto.

Chachitatu ndi apangankhani, anthu onse opezeka m'nkhanimo. Amene nkhani yatsamira pa iye ndiye mwininkhani, apa ndi mnyamata uja. Malikisi ambiri amathawira pomwepa. Mukafunsidwa khalidwe lake musati "ndi woipa", nenani kuti ndi wosamva, kenako umboni: anatenga bwato ngakhale agogo ake anamuletsa. Khalidwe lopanda umboni ndi theka la yankho.

Mukatero tsatani zochitika mwatsatanetsatane, chinayamba ndi chiyani, chinatsatira ndi chiyani. Funani mkangano, ndipo mkangano sikuti nthawi zonse ndi anthu awiri kutukwanana, apa ulipo wa mnyamata ndi agogo ake, ulipo wa iye ndi mafunde, ulipo wina wa mumtima mwake momwemo, abwerere kapena aponyebe khoka. Pomwe zinthu zafika pothina zedi, bwato lagubuduzika, ndiye pampondachimera.

Tsopano nsinjiro za chiyankhulo, zomwe ine ndimaona kuti nzosavuta mukangogwira zizindikiro zake. Mukaona mawu oti ngati, monga kapena kunga akufanizira zinthu ziwiri, "mafunde anali ngati phiri", imeneyo ndi ntchedzero. "Nyanja inakwiya" ndi umunthu, chifukwa kukwiya nkwa anthu. "Analira misozi yodzadza Shire" ndi voko, kukokomeza basi. "Anagwera m'madzi phava!" ndi mvekero. Zomwe zimasokoneza ndi chining'a ndi mkuluwiko. Chining'a ndi kagulu ka mawu kobisa tanthauzo komwe mumakalowetsa m'chiganizo chanu, monga "agogo anamutsina khutu", kutanthauza kuti anamuchenjeza, pomwe mkuluwiko ndi chiganizo chathunthu chopereka malangizo ndipo sumausintha, "mawu a akulu akoma akagonera". Kwa amene kunyumba mumayankhula Chiyao, zining'a zina za Chichewa simuzimva tsiku ndi tsiku, choncho khalani ndi kope lapadera, mukamva chatsopano pa wailesi kapena kwa aticha lembani pamodzi ndi chiganizo chomwe chinagwiramo ntchito.

Pomaliza phunziro. Lilembeni ngati chiganizo chonse: kunyoza malangizo a akulu kumaika moyo pachiswe. Kungolemba kuti "kusamvera" ndiye mwatchula mfundo yaikulu chabe.

Ikakhala ndakatulo njira ndi yomweyi, kungoti muwonjezere kupeza woyankhula ndi woyankhulidwa, ndipo woyankhula si mlembi ayi, mlakatuli wamwamuna atha kulemba ngati mayi wamasiye akulira pagombe, kapena ngati chambo chodandaula ndi khoka. Werenganinso ndime ndi mizere yake, nkuona mawu omwe akubwerezedwa, chimenecho ndi chibwereza.